Mchira wa Tambala

A Genivaldo,

Musandifune, ndathamangira kwa Dona Cleide, ogula nyumba yathu aja, kukawanyengerera kuti asabwerere m'mbuyo. Pepani sindinakudikireni.

Ku ofesi yotsimikiza masiginecha akana mapepala athu m'mawa uno. Mlembi anatulutsa khadi limene munasaina kumeneko chaka chomwe tinkakwatirana, n'kuliika pambali pa siginecha yanu yadzulo, n'kundifunsa kuti, "Mayi, kodi amuna muli nawo angati?" Mzere wonse kufa nako kuseka!

Paja kale G wanu ankakhala ndi mchira wa tambala, wopota kawiri, wokopera atsikana a ku Caruaru. Masiku ano mumangokhwatcha ngati papalasa nkhuku.

Zikalata zina zija zogulitsira nyumba zikutha mphamvu Lachisanu. Tikachedwa tiyambiranso mizere yonse, ndipo Dona Cleide aona kale nyumba ina.

Ndiye tengani chitupa chanu, mukafike ku ofesiko folo koloko isanakwane, mukasaine mlembiyo akuona. Mpira wa pa wailesiwo siuthawa. Patebulo ndasiya cholembera ndi kalata munandifunsira nayo ija, muonereko mchirawo. Malonjezo ali m'menemowo musavutike nawo, amenewo anatha mphamvu kalekale.

Marinalva