Odi wa ku Nathenje

Lachinayi. Lero manyazi andigwira.

Dzulo ndinakonza fayawolo, mlonda wa makompyuta mu ofesi yathu kuno ku Mitundu. Ndinailamula kuti uthenga wosaloledwa izingoutaya mwakachetechete, osayankha kuti wakanidwa. Nthambi yathu ya ku Nathenje ndinaiwala kuiika pa ololedwa.

Mayi Chimphepo, mlembi wa kumeneko, anayesa m'mawa wonse kutumiza lipoti, kompyuta ili duu. Akwera minibasi ziwiri kudzera ku Lilongwe, n'kufika atatuwa ndi fumbi, disiketi yosungira lipotilo kumanja.

Nditaulula, sanakalipe. Angoti, "Achimwene, kukana si mlandu. Koma munthu akati odi, mumayankha."

Nathenje ndaitsegulira, ndipo okanidwa tsopano akumauzidwa. Koma "pepani" sindinamunene mpaka mayiwo akwera minibasi, ine ndili chiimire pakhomo...