Mbale ya Jose m'madzi a Enoki

Lolemba, 2 Ogasiti 1993

Chisanu. Tiyi wothyola ndi wochepa, masamba sakuphuka. Alamu anga a Custodio abwera, ati pamwambo wa manda a Jose sabata yamawa tidzayimbe mbale yake ya nyimbo. Ndi imodzi yokhayo, anajambula ku Beira tisanakwatirane. Mawu a mwamuna wanga kulibenso kwina. Koma yadya utsi wa m'komboni muno, imangoti tchetchetche, pakati n'kumabwereza malo amodzi. Ati akaitsukitse m'tauni. Chikondi chimenechi chayamba liti? Pamaliro ankayang'ana njinga ya malemu, osati bokosi.

Lachitatu, 4 Ogasiti

Ndakana kuwapatsa. Ndapita nayo ndekha ku Chipinge, ndaikulunga m'chitenje. Wotsukayo ndi Enoki wokonza mawotchi. Ali ndi kabeseni kachitsulo ka magetsi. Akayatsa kamalira ngati udzudzu, madzi n'kumanjenjemera popanda moto. Akuti kunjenjemerako kumatulutsa litsiro m'timizere. Anandiuza ndiviike chala. Chala changa? Ayi ndithu.

Magetsi anathima asanayambe. "Siyani mai, mudzatenge Mugovera," atero Enoki, kutanthauza Loweruka. Ndaisiya. Ndine chitsiru.

Loweruka, 7 Ogasiti

Sanatsuke, ati madzi a pampopi sayenera, akudikira a batire. Pashelefu pali mbale zina zambirimbiri, zonse zakuda, zonse zofanana. A Custodio ndawapeza pomwepo, akuseka ndi Enoki. Atandiona kuseka kunatha.

Lachinayi, 12 Ogasiti

Yabwera, abwera nayo a Custodio. Ikunyezimira ngati sinalowepo m'nyumba ya munthu wosauka. Koma pepala lapakati palibe! Lija lofiira, la dzina la Jose. Ati linanyowa poitembenuza, linamatuka. "Maiguru, ndi yomweyo, musatye," atero alamu m'chinenero cha kuno: mlamu, musaope. Ndisaope bwanji? Ndainunkhiza. Fungo la utsi wanga mulibe. Mtima ukundiwawa, sindinadye. Gumbagumba yoyimbira mbale ndi ya aneba athu a Sheba, ibwera tsiku lamwambo. Mpaka apo sindingadziwe.

Lachisanu, 13 Ogasiti

Mowa wapsa. Ndakonzeka. Ikapanda kukhala yake ndidzawayalutsa pamaso pa abale onse, aone kuti ine Agripina sindine mwana.

Lamulungu, 15 Ogasiti

Anaiyimba dzulo titachoka kumanda. Phokoso lija palibe. Gitala, kenako mawu a mnyamata, opyapyala, osalala. Pamalo pobwereza paja inangodutsa, n'kupitiriza ndime imene sindikuikumbuka. Ndinati basi, andibera. Ndinaimirira, mawu ali kale pakamwa.

A Custodio panalibe pampando. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atagwira khoma, akulira ngati mwana. "Ndi mkulu wanga, maiguru. Ankayimba chonchi tikuweta mbuzi."

Zowayalutsa zija ndinazisiya. Lero ndaiyimbanso a Sheba asanatenge gumbagumba yawo. Ndatseka maso, ndamufunafuna. Amene ndikumudziwa ine ndi wa tchetchetche uja, wa chifuwa, wobwereza mawu amodzi. Mng'ono wake wamuzindikira. Ine mkazi wake sindikumumva.