A Muhiwa ayambanso kupalasa njinga

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Nazombe ana ali bwino. Ine bala lapamsana lija lapola, koma miyendo ikadali yolemera.

Mukuwakumbukira a Muhiwa, amene tinagonekedwa nawo limodzi kuchipatala ku Blantyre? Atatijambula anatipeza ndi vuto limodzi, chotupa mumsana, ndipo opaleshoni anatichita sabata imodzi. Chawo chinali pambali, anachichotsa chonse. Changa adokotala anati chamera m'kati mwenimweni mwa mtsempha, akachizula chonse sindidzayendanso, ndiye anangochichepetsa.

Dzulo ndili pakhonde a Muhiwawo anatulukira pa njinga, dengu la matemba a ku Chilwa lili kumbuyo. Anatsika modumpha, ine ndikuona.

"Achimwene, limbani mtima, nanunso mudzapalasa," anatero, uku akuwatapira matemba alamu anu.

Alamu anuwo anawaperekeza ndi maso mpaka pamsewu. Ndinathokoza ndi pakamwa pokha, koma matembawo sindinadye. Munthuyo sanandilakwire, achemwali, komabe ndikamuona pamtima pamandiwawa. Bwanji iyeyo, osati ine?

Mukapeza ndodo zoyendera zachitsulo munditumizire. Pondipempherera musaiwale mtima wangawu, wadwala kuposa miyendo.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Fakisoni