Thabwa Kuseri kwa Chitseko

Loweruka, 3 Ogasiti
Tsiku la Bwana, mdzukulu wanga wa zaka zisanu. Thabwa pampando kuti afike pagalasi. Ndam'meta mwaluso, ntchentche ikatera pamutu paja iterereka mpaka kuthyoka mwendo. Pomaliza ndam'potokola khosi monga ndichitira makasitomala aakulu. Khwa! Zaka makumi atatu ndikuliza makosi, wodandaula sindinamuonepo. Koma iye sanaseke. Wapita atapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona mphamba.

Lachiwiri, 6 Ogasiti
Mwana wanga, mayi ake a Bwana, waimba foni. Khosi silikutembenuka. Akuti, "Bambo, manja anuwo asadzam'khudzenso." N'kudula. Ine amene ndinam'lera ndekha chimwalirireni malemu mayi ake. Ndadya chiimire. Mbale yotsuka imodzi.

Loweruka, 10 Ogasiti
Mitu isanu ndi inayi. Ofunsa ndawauza kuti Bwana wakwera ndege, ali pa tchuthi. Aseka. Thabwa kuseri kwa chitseko.

Lachinayi, 15 Ogasiti
Mkamwini anandinong'oneza kumene akupita naye Bwana, kwa mayi wina wowongola misana. Ndavala jekete, ndapita kukaona mayiyo, mnzanga pantchito ya makosi. Mwana wanga osandiyang'ana n'komwe.

Mayiyo akuti poyamba anawabweza, akajambulitse kaye kuchipatala. Sagwira mwana asanadziwe za mafupa. Mafupa ali bwino, umene unakokeka ndi mnofu. Mafunso mulu ngati kupolisi. Kenako zala ziwiri basi, pang'onopang'ono, uku akufunsa Bwana ngati pakuwawa. Ndam'funsa kuti nanga khwa uja abwera nthawi yanji. Wandidina pamkono kuti ndimve mmene amachitira. Nthenga ya nkhuku imalemera. Akuti, "Bambo, khosi la mwana silipotokoledwa. Munachita mwayi." Nthabwala zonse zinandithawa. Pobwerera ndinayenda wapansi, ndekha.

Lolemba, 19 Ogasiti
Woyendetsa lole wapempha khwa wake. Ndati makina a khwa anafa. Wachoka akung'ung'udza. Madzulo ndakhala ndikuyeserera zala ziwiri zija pa mazira. Awiri aphwanyika, ndakazinga. Dzira lachitatu lapulumuka. Wom'uza palibe.

Loweruka, 24 Ogasiti
Aliyense wodutsa pamsewu ndimadzutsa mutu. Ndasesa kanayi.

Loweruka, 31 Ogasiti
Chakumasana, pakhomo, Bwana. Tsitsi thengo lenileni, mbuzi itha kusocheramo. Khosi likuzungulira ngati la kadzidzi. Mayi ake akuti ometa awiri wawakana, kulira mpaka msewu wonse kumva. Akuti, "Kumeta kokha. Ndikhala pompano." Wakhaladi, chikwama pamiyendo, maso pa manja anga.

Ndatulutsa thabwa, ndapukuta fumbi. Wakwera yekha. Ine katswiri wa akatswiri, ndagwira makina ngati wophunzira wa dzulo. Nditatambasula dzanja lamanzere kuti ndim'gwire pamutu, wandiyang'ana pagalasi. Akuti, "Agogo, mutuwu ndigwira ndekha."

Waugwiradi, manja onse awiri, mpaka ndamaliza.