Kampope ka Tadala

Lachitatu, mwezi wa Juni, kuno ku Nsaru.

Tsiku loipa.

Mwana wanga Tadala anabanikanso ndi mphumu masana, fumbi la fodya litamulowa ali m'chigafa. Ndimati ndimupopere mankhwala a kuchipatala aja, bambo ake n'kunditsomphola kampopeko. Akuti amva kubawo kuti ufa wake umakaundana m'mapapo ngati simenti.

"Anamwino anati umafika m'tinjira ta mpweya n'kusungunuka, sukhalitsa m'thupi," ndinawauza.

"Iwowo anasuzumiramo m'mapapomo? Usamupatsenso mwana wanga!"

Anakaponda ndi chidendene mpaka phwa! Nditawerama kuti nditole, anandiwomba mbama, ndinakagwera pamtondo, mlomo n'kung'ambika. Apo n'kuti mwana ali gone pamphasa, nthiti zikuchita kulowa m'kati, milomo itayamba kuda.

Ndinatola musi osaganiza n'komwe. Ndinawakhoma pamkono, fupa ndinalimva likuthyoka. Anakuwa mpaka mudzi wonse unatuluka. Ine sindinacheuke. Achimwene anatikweza panjinga yamoto, mwana tamupana pakati. Kuchipatala anamupumitsa mankhwala omwewo. Panopa akupuma bwino, wadya ndi mbatata yomwe.

Bambo ake ali kwa alongo awo, mkono uli m'nsalu. Atumiza mawu kuti banja latha. Zimenezo sizikundiwawa, mwina zidzandiwawa mawa.

Kampope katsopano kamene atipatsa kuchipatala ndakamangirira m'chiuno, ndigona nako. Koma mawa ndikapita kudimba ndiyenera kumusiyira Tadala. Nanga bambo akewo akabwera ine kulibe...