Chithunzi cha Amayi

Kaomba, Kasungu
9 Juni 2024

Okondedwa alongo anga, amake Yankho,

Kuno tadzuka bwino, kungoti maondo akukana chisanu. Fodya tinamanga, wapita kumsika. Ndikhulupirira ku Kitweko nonse muli moyo.

Ndamva kwa mlamu wanu kuti mwagwirizana ndi ana zosindikiza chithunzi cha amayi pa zitenje, kuti abale avale tsiku loonetsa chiliza chawo. Ine simunandifunse. Ndazolowera, paja amene analekeza Sitandade 4 amangouzidwa zomwe zatha kale. Komatu ndine ndinawazindikira amayiwo, pamene Yankho ankandionetsa pafoni zithunzi zakale za ku Kasungu zimene anazipeza kwa azungu. Ndinaona chipsera cha pachipumi chija, ndinakhala pansi.

Inu amayi anakusiyani mukukwawa, ndiye mverani zimene anandiuza okha.

Chaka chimene anawajambulacho ankasoka fodya pa esiteti ya mzungu wina cha ku Chisemphere. Kunabwera mzungu mnzake kuchokera ku Blantyre, ali ndi bokosi la miyendo itatu ndi nsalu yakuda yodzifunditsa kumutu. Ntchito yake inali kujambula anthu n'kumagulitsa zithunzizo kwa azungu kuti azitumiza kwawo. Kapitawo atalengeza, amayi anasangalala. M'mawa mwake anavala delesi lawo lakutchalitchi, lokhalo limene anali nalo, ndi duku loyera.

Mzungu uja atawaona anapukusa mutu. Kapitawo anati, "Bwana akuti azungu sagula chithunzi cha munthu wa delesi. Vulani, mayi."

"Ine ndine wa Mvano," anatero amayi.

"Mvanowo ukakulembani ntchito mawa?"

Anavula. Anawamangira kachikopa m'chiuno, mikanda yobwereka m'khosi, n'kuwagwiritsa masamba a fodya. Anawapatsa sopo.

Patapita miyezi, mphunzitsi wina anachiona chithunzicho chikugulitsidwa m'sitolo ku Lilongwe, n'kudzanena kuno. Akulu a mpingo anawaletsa amayi mgonero zaka ziwiri. Kuchitsime akazi ankawatcha Adona a Sopo. Kuyambira pamenepo akaona wojambula ankalowa m'nyumba, ngakhale paukwati wa amalume. N'chifukwa chake tilibe chithunzi chawo china.

Yankho akuti ana amasiku ano amachikonda chifukwa chikuonetsa chikhalidwe chathu. Chikhalidwe chiti? Chikopacho chinatuluka m'sutikesi ya mzungu. Yankho anandiwerengeranso zimene azungu analemba pansi pa chithunzicho m'Chingerezi: akuti mkazi wa fuko lakuthengo. Dzina palibe.

Ndinkafuna kukana zonse. Koma ndakumbukira kuti muli aang'ono munkandifunsa ngati amayi anali ndi mphuno ngati yanu, ine n'kumangoti eya kuti mugone. Sindingakumaneni nkhope yawo. Pempho langa nali: Yankho adule chithunzicho chilekezere m'khosi, mikandayo isaoneke. Pansi alembe kuti Ezelina Nabanda, mayi wa Mvano. Mukatero ndidzavala nanu. Chikabwera chathunthu, ine kumanda kuja simudzandiona, ndipo musadzanene kuti ndi maondo.

Mukachiyang'ananso, muone maso awo. Sakuyang'ana wojambula, akuyang'ana chakumanzere. Anandiuza kuti delesi lawo analikoleka pamtengo wa chigafa cha fodya, ndipo nthawi yonseyo ankaliyang'anira kuti mbuzi ingalidye.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Yankho mumuuze kuti sindinamukwiyire. Za mphuno zija sindinakunamizeni, mwaona nokha.

Ine mlongo wanu,
Benjamin