Ng'anjo ya Don Eleuterio

Lachinayi, 2 Meyi

Masiku asanu ndi anayi opanda Dulce. Mwana wanga, wa zaka zitatu. Bambo ake, Ramiro, anamulanda pageti pa achemwali anga a Lety, komwe ndinathawira nkhonya zake. Foni yanga anaimenyetsa pansi. Akuti ndikaponda kwawo andithyola miyendo.

Lero kuntchito kwabwera Doña Chayo, oyandikana nyumba ndi kwa Ramiro. Agula matotiya, timikate tachimanga topyapyala tija, kenako monong'ona: “Uthenga wa Don Eleuterio, agogo ake a mwamuna wakoyo. Akuti Lamulungu 12 koloko, kupaki ya Fundidora, pa ng'anjo yawo. Abwera naye mwana. Usauze munthu.”

Sindinalire. Ndangopitiriza kukulunga matotiya.

Lamulungu, 5 Meyi

Ndinafika 10 koloko kupaki, pomwe kale panali fakitale yosungunula zitsulo. Pa ng'anjo yaikulu ija, nambala 3, pomwe aliyense amajambulitsa. Chichitsulo chadzimbiri mpaka kumwamba. Dzuwa lootcha. Njinga, ana, chimanga cha tsabola.

12 koloko. 1. 3. Mwana aliyense wa diresi lachikasu ngati la Dulce ndimaimirira. 6 koloko ndabwerera.

Sanabwere.

Lachiwiri, 7 Meyi

A Lety akuti, “Umayesa chiyani iwe? Mkulu uja angapereke mdzukulu wake chifukwa cha iwe? Magazi ndi magazi.”

Mwina. Koma anali Don Eleuterio omwewa amene ankagogoda khoma ndi ndodo Ramiro akayamba kundimenya.

Doña Chayo sanaonekenso. Kudya ndikudya, sindikumva kukoma. Nsapato imodzi ya Dulce ili m'chikwama. Inavuka tsiku lija.

Lachisanu, 10 Meyi

Tsiku la Amayi. Abwana atipatsa duwa aliyense, atitulutsa 11 koloko. Miyendo yokha yanditengera kupaki.

Pa nambala 3 panali madala angapo, ena ndi zipewa zawo zolimba zakale. Akuti amakumana kukumbukira kutsekedwa kwa fakitale. Ndafunsa m'modzi ngati amawadziwa Don Eleuterio.

“Tello Gonthi? Kodi akadali moyo galu ameneyo?” Onse kuseka.

Ndati anandiuza kuti ndiwadikire pano, pa ng'anjo yawo.

“Pano? Mwana wanga, Tello sangakhale pano ngakhale mutamumanga. Iyi ankati ndi ya makanda. Yake ndi nambala 1, yakalekale ija. Ndiyo inamudya makutu.”

Sindinkadziwa n'komwe kuti anthu amasankha ng'anjo. Duwa ndalitaya pomwepo. Ndathamanga.

Loweruka, 11 Meyi, m'basi

Ndilembe msanga za dzulo.

Ndinawapeza pabenchi, pansi pa ng'anjo yaing'onoyo. Chipewa, ndodo, jumbo. Ndi Dulce, nsapato zachilendo, pakamwa pali mbee ndi ayisikilimu. Anandiyang'ana nthawi yaitali osasuntha. Kenako: “Amayi, munali kuti?”

Ndinagwada n'kumukumbatira.

Don Eleuterio anakuwa, monga amayankhulira: “Ndinati ng'anjo YANGA, mtsikana iwe! Masiku asanu ndi limodzi ndikubwera pano. Kunyumba ndimati tikukaona abakha. Abakha afika pondidziwa dzina!”

Ndinati pepani agogo. Sanamve.

M'jumbo: zovala zake, pepala lake la kubadwa, kadi ya katemera, nsapato inzake ija.

Foni yawo inayamba kulira m'thumba la malaya. Ramiro, ndinaona dzina ataitulutsa. Anaiyang'ana, n'kuibwezera.

“Ine ndine gonthi, mzinda wonse wa Monterrey ukudziwa. Ndikhala pano mpaka dzuwa lipendeke. Iwe nyamuka. Usandiuze komwe ukupita, ndine wokalamba, pakamwa pamaterera.”

Dulce anawapsompsona patsaya. Iwo anatembenukira ku ng'anjo yawo, sanatiyang'anenso.

Tagona kwa mnzanga wakuntchito. Tsopano tili panjira, dzina la malo sindilemba ngakhale muno. Kumeneko ndikayamba ndi kwa loya wothandiza azimayi, mapepala ndili nawo.

Nsapato ndamuveka zonse ziwiri. Zayamba kumuthina. Masabata awiri ndi theka okha.

Wadzuka, akufuna madzi, akundikoka dzanja.